Njinga ya Mchikumbi ndi Zipangizo Zache

Abale anga achikumbi a m'maboma a Machinga ndi Balaka, nkhani yathu mwezi uno ndi ya njinga. Kapena ena adzafunsa kuti, "Kodi njinga ilowa bwanji m'nkhani za ulimi?" Yankho lache silili patali. Feteleza amene muthira m'munda amafika pakhomo panu pa njinga. Chimanga chopita kuchigayo chimakwera njinga. Zigubu za madzi othirira nazale ya fodya, mitengo yomangira chigafa, ndi mabelo opita kumsewu kumene galimoto liima, zonsezi wosenza wache ndi njinga. Chifukwa chache njinga ya mlimi ndi chida cha ntchito monga khasu ndi nkhwangwa, ndipo iyenera kuganiziridwa ndi nzeru zomwezo.

Mlimi alandira ndalama zache kamodzi pa chaka. Akagulitsa mbewu zache nalowa m'sitolo ku Liwonde kapena ku Balaka, maso ache amagwa pa zinthu zong'anima: magalasi awiri, timbendera, ndi nsalu ya mphonje yokutira chishalo. Ambiri amabwerera kumudzi atagula izi, koma pampu alibe. Pofika Disembala, mvula yoyamba itagwa, munthu yemweyo apezeka panjira alikukankha njinga yophwa, thumba la feteleza lili pambuyo, dzuwa lilikulowa, tsiku la ntchito litatayika. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tsono tione zipangizo zimene zithandizadi, ndi dongosolo loyenera kuzigulira.

YAMBANI MWAONA NJIRA YANU

Misewu ya phula ilipo ndithu m'dera lathu: wochokera ku Zomba kudzera ku Liwonde ndi Ulongwe kunka ku Mangochi, wa Liwonde kunka ku Balaka, ndi wa Liwonde kudzera ku Ntaja ndi Nselema. Koma minda yathu yambiri ili kutali ndi phula. Mlimi asanafike pa msewu waukulu ayamba walimbana ndi adani atatu.

Woyamba ndiye mchenga, umene uchuluka kum'mawa, pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, kumene njanji ya ku Nayuchi idutsa. Wachiwiri ndiye makande, dothi lakuda la m'madambo a Chilwa ndi m'zigwa za Shire ndi Rivirivi, limene m'chilimwe ling'aluka ndi kuuma ngati mwala, koma m'dzinja ligwira gudumu ngati ulimbo. Wachitatu ndiye minga ndi miyala: minga ya mthethe ya m'tchire la Balaka, cha ku Phalula ndi Utale, ndi miyala yakuthwa ya m'munsi mwa mapiri a Chikala. Munthu aliyense adziwa mdani amene akhala pa njira ya kwao, ndipo ndiye ayenera kumkumbukira polowa m'sitolo.

Musanatulutse ndalama, chinthu chilichonse chifunseni mafunso atatu awa. Loyamba: kodi chinthu ichi chithandiza njinga kuyenda, kuima, kapena kusunga katundu wanga? Lachiwiri: chikaonongeka, kodi mmisiri wa pansi pa mtengo pa msika wa kwathu adzatha kuchikonza? Lachitatu: kodi chilingana ndi njinga yanga? Chinthu cholephera funso limodzi mwa atatuwa, chisiyeni m'sitolo momwemo.

ZA NJINGA ZATSOPANO ZA KUNJA

Ku America ndi ku Ulaya, kuyambira cha m'ma 2010, kwatchuka njinga imene aitcha gravel bike, ndiko kunena njinga ya m'misewu ya miyala ndi fumbi. Ndi yopepuka, zogwirira zache n'zopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo, ndipo matayala ache ndi a mamilimita 35 kufikira 50 m'lifupi. Eni ache amaikwera posangalala ndi pa mpikisano. Amaimangirira timatumba tofewa, kachipangizo koyesa liwiro, ndi matayala opanda chubu amene m'kati mwache athiramo madzi otseka zibowo.

Anthu amenewa atiphunzitsa zinthu ziwiri zoona: kuti pa msewu wa fumbi tayala lalikulu liposa loonda, ndi kuti wapaulendo asachoke pakhomo wopanda zokonzera. Koma kaliyala wa njinga zotere kawirikawiri amapangidwira makilogalamu 25 okha, ndilo theka la thumba la chimanga. Mukaiona pa msika wa zogwiritsidwa kale ntchito, kumbukirani funso lachiwiri lija.

Njinga ya mlimi ndi ija yachitsulo, ya mtundu wa Humber ndi Raleigh zimene agogo athu anagula kuchokera ku England, ndi Hero ya ku India imene inadza pambuyo pache. Palinso ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005. Kaliyala wache anapangidwira makilogalamu 100. Zimene tilikunena pansipa ndi za njinga za ntchito zotere.

CHOYAMBA: PAMPU NDI ZOMATIRA

Palibe chinthu china choyenera kutsogola pampu. Njinga ya mtengo wapatali yopanda mpweya ndi katundu wongolemetsa mwini wache.

Pogula pampu, pitani ndi njinga yanu, muiyese pomwepo. Mavalavu alipo a mitundu itatu: yakale ya Dunlop, imene m'kati mwache muli kamphira kakang'ono, ya Schrader, yofanana ndi ya galimoto, ndi ya Presta, yoonda, ya njinga za mpikisano. Pampu yolowa pa mtundu umodzi siilowa pa yonse iai. Kamphira ka valavu ya Dunlop kamafumbwa ndi kutentha kwa Okutobala, ndipo ambiri amavutika kufuna chibowo pa chubu chabwinobwino pamene wolakwa ndi kamphirako. Sungani kena kapadera.

Pamodzi ndi pampu mukhale ndi kathumba komangirira pansi pa chishalo. M'menemo muike guluu ndi zigamba, kachidutswa ka sandipepala, zitsulo ziwiri zosathwa zochotsera tayala, sipanala yolingana ndi manati a magudumu, amene pa njinga zambiri ndi a mamilimita 15, ndi chubu chimodzi chapadera. Mpeni kapena sikuludalaiva sizichotsera tayala. Zimaboola chubu pena pamene panalibe chibowo.

Kamatidwe kache ndi aka. Palani pozungulira chibowo, pakani guluu wochepa, ndipo dikirani kufikira ataleka kunyezimira. Pamenepo ikani chigamba ndi kuchipsinja kolimba. Zigamba zambiri zimamatuka chifukwa mwini wache anafulumira kuika guluu ali wamadzi. Musanabweze chubu, yendetsani zala mosamala m'kati mwa tayala, pakuti munga umene unaboola poyamba ukhoza kukhala uli momwemo, kudikira kuboolanso.

CHACHIWIRI: MATAYALA OLINGANA

Pano mpamene alimi ambiri ataya ndalama. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala, ndipo muyenera kuwawerenga. Tayala la njinga yakale lilembedwa 28 x 1½, kapena 40-635. Nambala yoyamba, 40, ndi kukula kwa tayala m'lifupi. Yachiwiri, 635, ndi kukula kwa limu, zonse m'mamilimita. Koma alipo matayala ena olembedwanso 28, kapena 700C, amene limu lao ndi 622. Kusiyana kwache ndi mamilimita 13 okha, koma tayala la 622 silidzalowa pa limu la 635 ngakhale mulimbane nalo tsiku lonse. Njinga za magiya za m'mapiri zolembedwa 26 zambiri limu lao ndi 559. Lembani nambala yachiwiriyo pa pepala, mupite nayo kusitolo.

Sankhani tayala la mphira wochindikala ndi mano ooneka. Gudumu la kumbuyo ndilo lisenza katundu, motero lifuna tayala lolimba koposa. Koma musasiye long'aluka kutsogolo, pakuti la kutsogolo likaphulika potsetsereka, wokwera agwa chamutu.

Mukasenza katundu, popani tayala la kumbuyo lilimbe. Likakhala lofewa, gudumu likagunda mwala, limu litsina chubu ndi kusiya zibowo ziwiri zoyandikana ngati mano a njoka. Mukaona zibowo zotere musanamizire minga; mpweya ndiwo unachepa. Pa mchenga wambiri, ngati mulibe katundu, tayala lofewerako pang'ono liyenda bwino chifukwa silimira.

Zinthu ziwiri zothandiza simudzazigula konse. Dulani lamba kuchokera ku chubu chakutha, mukute nalo mitu ya masipoko m'kati mwa limu kuti isalase chubu. Ndipo inu a ku malo a minga, tengani tayala lakutha, mulichotse milomo yache ya waya, mulilowetse m'kati mwa tayala latsopano. Njinga idzalemerako, koma munga udzayamba wadutsa zikopa ziwiri usanafike pa chubu.

CHACHITATU: MABULEKI

Tawerengani nane. Munthu wa makilogalamu 60, njinga ya 20, ndi thumba la chimanga la 50, pamodzi ndi makilogalamu 130. Zonsezi zikayamba kutsika chitunda cha kuchokera ku boma la Machinga kunka ku Liwonde, choziimitsa ndi timphira tinayi tosaposa chala kutalika. Timphira timeneti ndi tina mwa zinthu zotsika mtengo koposa m'sitolo, koma ndito tisunga moyo wa mwini njinga.

Tisintheni tisanathe kufikira chitsulo, pakuti chitsulo chikayamba kukhuza limu, mudzagula limu lomwe. Dziwaninso kuti limu lachitsulo likanyowa, mabuleki sagwira msanga. M'mvula yambani kugwira mukali patali. Njinga zina zili ndi buleki yopondera mapedulo chambuyo. Iyi siopa matope, koma tcheni chikagwa buleki yatha pomwepo, ndipo pa chitunda chachitali imatentha. Njinga yotere ifunanso buleki ya kutsogolo. Kuponda tayala ndi phazi, monga achitira anyamata ena, si buleki iai.

CHACHINAYI: KALIYALA NDI MASIPOKO

Kaliyala wabwera ndi njinga kuchokera kusitolo kawirikawiri ndi wa zitsulo zopyapyala. Amisiri owotcherera a m'misika yathu amapanga wolimba, ndipo ndalama imeneyi siipita pachabe. Poyang'ana kaliyala musayambe ndi pamwamba pache. Yambani ndi miyendo. Ikhale ya chitsulo chochindikala, yoima chilili kufika pa ekiselo ya gudumu, ndipo kutsogolo kwache agwire felemu pansi pa chishalo ndi bauti wolimba. Mgwedezeni ndi dzanja. Wogwedera ali wopanda katundu adzagwedera koposa ali ndi thumba.

Kaikidwe ka katundu kali ndi lamulo lache: katundu akhale m'munsi, ndiponso pamwamba penipeni pa ekiselo kapena chakutsogolo kwache pang'ono. Akapitirira kumbuyo, gudumu la kutsogolo lipepuka, ndipo njinga ikana kuongoka, makamaka pa mchenga ndi pokwera mtunda. Chigubu cha malita 20 chilemera makilogalamu 20. Ziwiri zolendewera mbali iyi ndi iyo ziyenda bwino koposa zosanjikiza pamwamba. Belo la fodya nthawi zambiri limayandikira makilogalamu 100. Pamenepo mwafika pa malire a kaliyala wolimba yemwe; kankhani njinga, musakwerepo. Amene anyamula zolemera zotere kawirikawiri, aganizire za kangolo kokoka ndi njinga, ndipo alimi a kalabu imodzi akhoza kusonkherana.

Koma taonani: kaliyala wolimba pa gudumu lofooka angosamutsa vuto. Chimene chidzathyoka tsopano ndi masipoko. Gudumu la kumbuyo likhale ndi masipoko 36 kapena 40. Masipoko wamba ndi a mamilimita 2. A katundu ndi a 2.3 kapena 2.6. Sipoko imodzi ikaduka, ntchito yache igwera anzache oyandikana nayo, ndipo nawo ayamba kuduka motsatana kufikira limu litapindika. Ikani ina tsiku lomwelo. Kakiyi komangira masipoko ndi masipoko atatu apadera zikhale m'kathumba kaja.

Onjezani sitandi ya miyendo iwiri, kuti njinga iime yokha pamene mulikumanga katundu. Zomangira zabwino ndi zingwe za mphira zodula ku machubu akutha. Koma pozikoka chotsani nkhope, chifukwa chingwe chikapulumuka chilasa diso.

CHACHISANU: ZOTETEZA MBEWU

Mlimi wasamala mbewu zache miyezi isanu ndi umodzi asaziononge pa ulendo wa maola awiri.

Fodya akoka chinyezi ndi fungo la chilichonse chomuyandikira. Girizi wa tcheni, palafini, kapena fumbi la feteleza lotsalira pa kaliyala zikamkhudza, mtengo wache utsika. Ogula ku okushoni ya ku Limbe sakondwa konse ndi tizidutswa ta pulasitiki m'fodya, ndipo belo lopezeka nato likhoza kubwezedwa. Chifukwa chache yalani thabwa loyera kapena kamphasa pa kaliyala, kutani fodya ndi chiguduli, ndipo musamange ndi ulusi wosolola ku matumba a feteleza. Lona la mvula likhale pamwamba pa chiguduli, ndipo mukafika mulichotse kuti fodya asachite thukuta.

Chimanga chikanyowa panjira ndi kusungidwa chosayanikanso, chichita chuku, ndipo chuku china chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene aononga chiwindi cha munthu. Feteleza wa urea akoka chinyezi naumbika miyala. Ndiponso feteleza aliyense adya chitsulo. Mukatsitsa thumba, tsukani kaliyala ndi limu ndi madzi, mupukute.

Walira mvula walira matope. Madigadi atchinjiriza katundu ndi zovala zanu ku matope a gudumu, koma inu a ku makande chenjerani: pakati pa tayala ndi madigadi pakhale mpata wolowa zala ziwiri. Mpata ukachepa, dothi liunjikana mpaka gudumu liima nji. Yendani ndi kamtengo kokolopolera.

Chotchinga tcheni chithandiza pawiri: chiletsa fumbi, ndiponso chiletsa buluku kapena chitenje kukodwa. Tcheni chithireni mafuta oyera a makina, dontho pa mfundo iliyonse, ndi kupukuta otsala, pakuti mafuta ochuluka aitana mchenga, ndipo mchenga ndi mafuta pamodzi zipera chitsulo ngati mphero. Mafuta ophikira saloledwa. Amauma ngati utomoni.

CHACHISANU NDI CHIMODZI: NYALE

Ena amati, "Ine sindiyenda usiku." Koma ndani asankha ola limene mwana adwala? Ulendo wa kuchipatala ku Liwonde kapena ku Balaka umadza pakati pa usiku, ndipo wofuna malo abwino pa msika wa Ntaja kapena Ulongwe amanyamuka kusanache.

Nyale ili ndi ntchito ziwiri: kuti inu muone njira, ndi kuti woyendetsa galimoto akuoneni. Yachiwiriyi ndiyo yaikulu pa msewu wa phula. Kutsogolo kukhale nyale yoyera, kumbuyo yofiira pamodzi ndi kagalasi kofiira konyezimira, ndipo yendani ku dzanja lamanzere la msewu. Nyale yakale ya dainamo yokhuza tayala, ya mavoti 6, siifuna mabatire, koma izima mukaima kapena mukamakankha pang'onopang'ono pa mtunda, ndipo m'matope iterereka. Nyale za masiku ano za LED ziwala kwambiri ndi moto wochepa, ndipo zina azitchaja ndi dzuwa. Sankhani yomangika pa njinga. Foni yogwira m'dzanja ilanda dzanja limene lifunika pa buleki.

Chovala chonyezimira chonga chimene avala akabaza ambiri n'chotsika mtengo, ndipo chioneka patali. Katundu akabisa nyale ya kumbuyo, mangani chovalacho pa katunduyo. Amene ayenda kawirikawiri pa phula pakati pa magalimoto akuluakulu, agulenso chipewa cholimba choteteza mutu. Belu limodzi lomveka bwino likwanira.

ZA KUNYAMULA ANTHU, NDI ZA AKUBA

Njinga ya pabanja inyamulanso mai ndi ana. Khushoni pa kaliyala ndi zopondapo mapazi mbali zonse ziwiri ziyenera kukhalapo. Koposa zonse, tchingani masipoko a kumbuyo ndi waya wa sefa kapena kathabwa kopyapyala. Phazi la mwana likalowa m'masipoko njinga ilikuthamanga, chilonda chache chimakhala chachikulu ndi chochedwa kupola.

Pa tsiku la msika njinga zimafanana zonse. Gulani loko ndi tcheni chotha kuzungulira felemu ndi mtengo. Loko wongotseka gudumu saletsa wakuba kuisenza. Njinga zambiri zili ndi nambala yodinda pa felemu, pansi pa mapedulo kapena pansi pa chishalo. Ilembeni m'buku lanu la za ulimi, musunge pamodzi ndi lisiti, pakuti ikabedwa ndi umboni umene apolisi adzafuna.

DONGOSOLO LA KAGULIDWE

Si onse adzatha kugula zonsezi chaka chimodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tsatani dongosolo ili:

1. Pampu, zomatira, sipanala ndi chubu chapadera.
2. Matayala olingana ndi limu lanu.
3. Timphira ta mabuleki.
4. Kaliyala wolimba, masipoko ochindikala ndi sitandi.
5. Lona, chiguduli, madigadi ndi chotchinga tcheni.
6. Nyale, kagalasi kofiira ndi chovala chonyezimira.
7. Khushoni, zopondapo, chotchinga masipoko ndi loko.

Amene akhala pafupi ndi msewu wa phula, nyale ikwere pa nambala yachinayi. Amene anyamula ana tsiku ndi tsiku, atchinge masipoko lero lomwe, pakuti kathabwa sikafuna ndalama. Magalasi, timbendera ndi mphonje zidikire kufikira zisanu ndi ziwirizi zitakwanira, feteleza atagulidwa, ndi fizi ya ana italipidwa.

Nthawi yogula ndi miyezi ya malonda, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, ndalama zikali m'thumba. Pofika Okutobala njinga ikhale itapita kwa mmisiri, kuti aike girizi watsopano m'mahabu, amange masipoko, ndi kuona mabuleki, monga momwe mukonzera makasu ndi mizere mvula isanagwe. Mu Januwale, pamene nkhokwe yachepa ndi ntchito yachuluka, simudzapeza ndalama ya tayala.

Mukakumana pa kalabu yanu mwezi uno, bwerani ndi njinga zanu. Muwerengerane manambala a pa matayala, muyesane mabuleki, ndipo amene adziwa kumata chubu ndi kumanga masipoko aphunzitse anzache, amai ndi ana omwe. Ngati pali chimene sichinamveke, funsani mlangizi wa kwanu.